Mwaiwala pasiwedi ya makamera a panyumba? Musathamangire kudina Reset

Mukayenda m'misewu ya m'masekita a ku Area 25, kuchokera pamsika wa Nsungwi kulowera cha ku Dzenza, mudzaona kuti mipanda yambiri tsopano ili ndi timakamera pamwamba pa geti kapena kunsi kwa malata a khonde. Eni nyumba ambiri amalawirira ku Kanengo, ku Capital Hill kapena ku Old Town, pakhomo n'kutsala wantchito, ana, mwinanso popanda munthu. Makamerawo amaikidwa tsiku limodzi, mmisiri n'kulandira zake n'kumapita, ndipo bokosi lojambulira, lomwe ambiri amangoti DVR, limakankhidwira kuseri kwa TV kapena pamwamba pa wadiropu. Palibe amaligwiranso mpaka tsiku lomwe batire la galimoto lasowa, kapena nkhuku zachepa m'khola. Tsiku limenelo banja lonse limaunjikana pa sikirini, bambo agwira mausi, makina n'kufunsa pasiwedi. Aliyense n'kuyang'ana mnzake.

Zikatere ugwireni mtima. Pali zinthu zitatu zimene anthu amathamangira, ndipo zonse zimangokulitsa vuto. Ena amayamba kulemba mapasiwedi ongoganizira, chaka chobadwa, dzina la mwana woyamba, nambala ya galimoto, mpaka makina adzitseka. Makina ambiri amatero mukalakwitsa kangapo motsatizana, ena kwa mphindi zochepa, ena mpaka theka la ola. Ena amazula pulagi poganiza kuti bokosi likayakanso silifunsa, koma limafunsabe. Ena amafunafuna kabatani ka Reset. Kabataniko kali ndi nthawi yake, koma nthawiyo ndi ya kumapeto kwenikweni.

Yambani mwateteza kanema

Musanalimbane ndi pasiwedi, dzifunseni ngati m'bokosimo muli kanema amene mukumufuna. Bokosi limasunga zojambula mu hard disk, ndipo ikadzaza silisiya kujambula: limafufuta zakale kwambiri n'kulembapo zatsopano. Kutalika kwa masiku amene limasunga kumadalira kukula kwa disikiyo ndi kuchuluka kwa makamera; kwina ndi sabata imodzi yokha, kwina mwezi. Ngati akuba anabwera usiku wapitawu, nthawi muli nayo. Koma ngati mwangobwera kumene kuchokera kumaliro kumudzi n'kupeza kuti katundu anasowa masabata awiri apitawo, ola lililonse lomwe makamera akujambula likudya umboni wanu.

Chochita chake n'chophweka. Lisiyeni bokosi lili choyaka, koma zulani mawaya a makamera kumbuyo kwake. Popanda chithunzi cholowa, kufufutika kwa zakale kumachepa kwambiri. Musanazule, matani kapepala pa waya aliyense n'kulembapo nambala ya bowo lomwe wachokera, kuti pobwezeretsa kamera ya pageti isadzasinthane ndi ya kukhola. Dziwani kuti masiku amenewo pakhomo sipakujambulidwa, ndiye mlonda auzidwe, kapena siyani kamera imodzi yokha ya pageti. Imodzi imadzaza disiki pang'onopang'ono kusiyana ndi zisanu ndi zitatu.

Kenako yang'anani mafoni onse a m'nyumba. Nthawi zambiri pamapezeka foni imodzi, ya mayi kapena ya mwana wamkulu, yomwe app yake ikuonetsabe makamera chifukwa inalowetsedwa kalekale ndipo sinatulutsidwepo. Foni imeneyo isamaleni. Musadine Logout, musafufute app kuti mupeze malo a zithunzi, musaipereke kwa okonza mafoni kuti aifulashe. Tsegulani pa Playback, pezani tsiku ndi ola lomwe mukufuna, sungani kanemayo m'foni, n'kumutumizanso ku foni ina. Chimodzimodzi ngati sikirini ya pa TV ikulolabe kulowa mu menyu osafunsa kanthu: lowetsani fulashi m'bokosi, pitani pa Backup kapena Export, koperani zofunika zonse magetsi asanazime.

Pasiwedi yake iti?

Anthu akamati aiwala pasiwedi ya makamera amatanthauza zinthu zosiyana, ndipo chilichonse chili ndi njira yake. Pali pasiwedi ya bokosi lenilenilo, ya dzina loti admin, yomwe imafunsidwa pa TV. Pali ya akaunti ya app ya pafoni, monga Hik-Connect, DMSS, EZVIZ, Imou, Tapo, V380 Pro kapena XMEye. Imeneyi sikhala m'bokosi mwanu, imasungidwa ndi kampani pa intaneti, ndipo imamangidwa ku imelo kapena nambala ya foni. Palinso pasiwedi ya WiFi ya m'nyumba. Makamera ena alinso ndi Verification Code, zilembo zimene app imafunsa isanaonetse chithunzi. Pa makamera a EZVIZ zimakhala zilembo zazikulu zisanu ndi chimodzi zolembedwa pa sitika ya pansi pa kamera.

Ya WiFi ija imapusitsa ambiri. Mwasintha pasiwedi ya rauta chifukwa bando ikutha msanga ndipo mukukayikira ana a kwa aneba, kapena mwagula MiFi yatsopano. Mawa lake app ikuti Offline. Apa palibe chimene mwaiwala, kamera ikungofunafuna netiweki yakale. Mukabwezeretsa pa rauta dzina ndi pasiwedi zakale zija, ndendende mmene zinalili, kamera imalumikizana yokha. Ndipo Offline nthawi zina imangotanthauza kuti bando ya Airtel kapena TNM ya mu rauta yatha.

Mukadziwa yomwe yasowa, fufuzani m'nyumba kaye. Tembenuzani bokosi muone pansi pake. Amisiri ambiri amalemba pamenepo ndi cholembera, kapena pa katoni yomwe linabweramo, kapena kuseri kwa lisiti. Tsegulani WhatsApp, pitani pa macheza anu ndi mmisiri uja, fufuzani mawu oti admin kapena password. Ngati foni ndi ya Android, onani mu Google Password Manager, chifukwa foni imasunga mapasiwedi ambiri mwini wake osazindikira. Mabokosi a Hikvision ndi Dahua amalolanso kutsegula pojambula patani ndi mausi, ngati pafoni, ndipo si zachilendo kupeza kuti mwana wa sitandade 7 anaona mmisiri akujambula ndipo akuikumbukira. Ngati bokosi ndi lakale kwambiri, yesani kamodzi pasiwedi ya kufakitale: ma Hikvision akale ankabwera ndi admin ndi 12345, ma Dahua akale admin ndi admin, ndipo mabokosi ambiri otchipa opanda dzina amalowa ndi admin, malo a pasiwedi osalembapo kanthu. Hikvision inasiya zimenezi cha m'ma 2015, n'kuyamba kukakamiza wogula kusankha pasiwedi yake pa tsiku loyamba, ndiye pa makina atsopano musataye nazo nthawi.

Mmisiri amene anaika

Kunena zoona, ambiri amene amati aiwala pasiwedi sanaidziwepo n'kale. Anaisankha ndi mmisiri. Imelo yolandirira makhodi anaikapo yake. Akaunti ya pafoni anatsegula m'dzina lake, inu n'kungokugawirani kuti muziona nawo. Ena amatero pofuna kufulumira, chifukwa mwini nyumba anali kuntchito ndipo panalibe wofunsa. Ena amatero dala, kuti vuto lililonse likabwera muziwaitana n'kulipira ya thiransipoti. Kaya cholinga chinali chiti, zotsatira zake n'zofanana: makina munagula ndi ndalama zanu, koma wowalamulira ndi wina, ndipo akafuna akhoza kuona pabwalo panu ali kwawo.

Muimbireni mwaulemu, chifukwa mukumufuna. Koma musakhutire ndi yankho loti "ndibwera ndidzakutsegulireni, bwana." Pemphani zinthu zitatu: pasiwedi ya admin, imelo yomwe inalembedwa m'bokosi, ndi akaunti yomwe makinawo anamangidwako. Akabwera, khalani naye limodzi pa sikirini. Pasiwedi yatsopano mulembe ndi dzanja lanu, imelo ikhale yanu, ndipo achotse makinawo mu app yake inu mukuona, kenako muwalowetse mu akaunti yanu. Ine ndingati mpatseni ya thiransipoti ndi ya ntchito mosanyinyirika, bola kubwera kumeneko kukhale kokusiyirani zonse m'manja. Mmisiri wabwino sakana zimenezi. Wokana, kapena wozengereza masabata, wakuonetsani chifukwa chomuchotsera.

Ngati foni yake sikupezekanso, kapena anapita ku Joni, pitani kusitolo komwe zipangizozo zinagulidwa, kaya ndi ku Bwalo la Njobvu, mumsewu wa Malangalanga kapena kwina. Tengani lisiti, ndi chithunzi cha sitika ya pabokosi yoonetsa dzina la kampani, model ndi serial number. Popanda manambala amenewa palibe angakuthandizeni, ngakhale kampani yeniyeniyo.

Njira ya kampani

Makamera ambiri odziwika pamsika wathu ndi a makampani awiri a mumzinda wa Hangzhou ku China, Hikvision ndi Dahua. HiLook ndi EZVIZ ndi mayina a banja la Hikvision, pomwe Imou inachokera kwa Dahua. Onsewa anakonza njira yovomerezeka yobwezeretsera pasiwedi, yosafufuta kanema kapena makonzedwe a bokosi.

Pa Hikvision, pamalo polembera pasiwedi pali mawu oti Forgot Password. Mukadina, bokosi limakupatsani njira zomwe zinakonzedwa tsiku loikira. Ina ndi kuyankha mafunso atatu achinsinsi. Ina ndi kulowetsa fulashi yomwe ili ndi fayilo yotchedwa GUID, ngati inakopedwa pachiyambi. Ina ndi ya imelo: pa sikirini pamatuluka QR code, mumaijambula ndi app ya Hik-Connect, ndipo khodi imatumizidwa ku imelo yomwe inalembedwa m'bokosi. Ngati bokosi linamangidwa ku akaunti yanu ya Hik-Connect, mabokosi atsopano amalola kuti khodiyo ituluke pafoni pomwepo. Pa Dahua n'chimodzimodzi: mafunso achinsinsi, kapena QR code yojambula ndi app ya DMSS, khodi n'kupita ku imelo. Imelo ija imaoneka pa sikirini zilembo zina zitabisidwa, koma zoonekazo zimakwanira kukuuzani ngati ndi yanu, ya mmisiri, kapena ya achimwene amene anatumiza makinawo.

Zonsezi zikakanika, pa Hikvision patsala njira ya laputopu. Koperani pulogalamu yotchedwa SADP kuchokera pa webusayiti ya Hikvision yeniyeniyo. Lumikizani laputopu ndi bokosi pa rauta imodzi, kapena mwachindunji ndi waya wa netiweki. SADP ikaliona bokosi, lisankheni, dinani Forgot Password, kenako Export. Patuluka kafayilo ka XML. Kafayiloko mumatumiza kwa amene anakugulitsani kapena kwa othandiza makasitomala a Hikvision, omwe kuno kum'mwera kwa Africa ali ndi ofesi ku South Africa, pamodzi ndi chithunzi cha sitika. Iwo amabweza fayilo ina kapena khodi, inu n'kuilowetsa mu SADP n'kulemba pasiwedi yatsopano. Ngati bokosi ndi NVR, la makamera olumikizidwa pa netiweki, ndipo SADP ikupereka mwayi wosinthira limodzi mapasiwedi a makamera ake, chongani pamenepo.

Apa ndi pomwe ESCOM imalowerera. Khodi yobwerayo imagwira ntchito kwa tsiku limodzi kapena awiri, komanso pokhapokha bokosi silinazime chichokereni pomwe munatulutsa fayilo ija. Magetsi akangothima ngakhale mphindi imodzi, bokosi n'kuyakanso, zonse zafa, muyambirenso kutulutsa fayilo ina n'kudikiranso yankho. Kwa ife a ku Area 25, kumene magetsi amatha kuchoka m'mawa n'kubwera madzulo, nkhani imeneyi si yaing'ono. Musanayambe, lumikizani bokosi ku inveta, ku UPS kapena ku sola ya m'nyumba. Ma DVR ambiri amagwiritsa ntchito mphamvu ya 12V ndipo sadya moto wambiri, makamaka makamera atazulidwa. Ngati mulibe zimenezi, nyamulani bokosilo ndi adaputa yake mupite nalo kwa m'bale kapena kuofesi komwe kuli jenereta, ntchito yonse ikachitikire komweko. Tumizaninso fayiloyo m'mawa wa tsiku la ntchito. Yotumiza Lachisanu madzulo idzayankhidwa Lolemba, magetsi atazima kale kangapo.

Chinanso chokhumudwitsa: makina ena amene amalowa m'dziko muno m'masutikesi anapangidwira msika wa dziko lina, ndipo kampani ikaona serial number imatha kukubwezani kwa amene anakugulitsani. N'chifukwa chake lisiti la sitolo yodziwika lili ndi phindu loposa pepala chabe.

Akaunti ya pafoni ndi nambala yomwe inatayika

Pasiwedi ya app ndiyo yosavuta kubwezeretsa, bola imelo kapena nambala yomwe munalembetsera ikadali yanu. Dinani Forgot Password mu app, khodi ibwera pa SMS kapena pa imelo, mulembe yatsopano. Imelo ikachedwa, onani mu Spam. Onetsetsaninso kuti dziko lomwe mwasankha mu app ndi lomwe linasankhidwa potsegula akaunti. Ngati mlongo wanu anaitsegula ali ku Johannesburg n'kusankha South Africa, inu mukasankha Malawi app ikhoza kunena kuti akauntiyo kulibe.

Vuto limakula ngati foni inabedwa m'minibasi ndipo nambala ija simunaibwezeretse. Pitani ku shopu ya Airtel kapena TNM ndi chitupa chanu cha unzika mukapemphe simu khadi ina ya nambala yomweyo. Kuyambira 2018 nambala iliyonse m'dziko muno imayenera kulembetsedwa ndi chitupa, ndiye amene angaibwezeretse ndi yekhayo amene dzina lake lili pa nambalayo. Ngati munalembetsera pa chitupa cha mkazi wanu kapena cha mphwanu, mupite naye. Musachedwe, chifukwa nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imaipereka kwa munthu wina, ndipo makhodi anu azidzapita kwa mlendo.

Pali mabanja ena amene vutoli limawapeza m'njira yowawa: bambo amwalira, ndipo zonse zinali m'foni mwawo. Ngati zili choncho, foniyo ndi simu khadi yake zisungidwe bwino, zisagawidwe msanga pamodzi ndi zovala ndi katundu wina, mpaka akaunti ya makamera itasamutsidwira kwa mayi kapena mwana amene akukhala panyumbapo.

Timakamera ta WiFi

Timakamera tating'ono tomwe timazungulira tokha, kuphatikizapo tija tooneka ngati babu tolowetsa mu holda ya magetsi, tilibe bokosi. Timasunga kanema mu memori khadi. Pa timeneti Reset si yoopsa kwambiri, koma yambani mwazimitsa kamera n'kuchotsa memori khadiyo, chifukwa poikonzanso app imatha kukupemphani kuti muifomate, ndipo mukavomera zonse zapita. Kenako yatsani kamera, pezani kabatani kapena kabowo kolembedwa Reset, nthawi zambiri pafupi ndi polowetsera khadi, dinani ndi kapini osasiya kwa masekondi khumi kapena kupitirirapo pang'ono, mpaka ilire, ilankhule, kapena kagetsi kasinthe mtundu. Ikatero yabwerera mmene inachokera kufakitale, ndipo mumailowetsanso mu app ngati yatsopano. Ambiri mwa makamerawa amangogwira WiFi ya 2.4GHz, ndiye ngati rauta yanu ili ndi mayina awiri, sankhani lomwe lilibe 5G kumapeto.

Mukhoza kuchita zonsezi bwinobwino, app n'kukuuzani kuti kamerayi ili kale mu akaunti ya munthu wina. Kusintha loko pageti sikusintha dzina pa chikalata cha puloti. Reset imafufuta za m'kati mwa kamera, koma kaundula wa kampani pa intaneti amasungabe dzina la amene anailembetsa poyamba. Zimenezi zimachitika kawirikawiri ndi makamera ogula kwa munthu, ochokera kwa abale akunja, kapena opezeka m'nyumba ya lendi amene anaikidwa ndi amene ankakhalamo kale. Njira yachidule ndi kumupeza munthuyo kuti atsegule app yake n'kudina Delete pa kamerayo; ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo akhoza kuichita ali Cape Town. Akasowa, ma app ena ali ndi njira ya Unbind, yomwe imafuna kuti foni ndi makina zikhale pa WiFi imodzi ndiponso mudziwe pasiwedi ya admin, kapena mutumize ku kampani chithunzi cha sitika ndi umboni woti munagula. Pogula kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, musapereke ndalama isanalowe mu akaunti yanu pamaso pa wogulitsayo.

Reset ya bokosi, ndi zoyenera kupewa

Mabokosi ena, makamaka ena a Dahua, ali ndi kabatani m'kati, pa bolodi. Mumazimitsa, kutsegula chivindikiro, kudina kabataniko, n'kuyatsa mukadali chidinire. Ambiri a Hikvision alibe. Ntchito imeneyi ndi ya mmisiri, ndipo ngati makina akadali pa waranti funsani kusitolo musanamasule sikuluu. Kawirikawiri Reset yotere sikhudza kanema wa mu hard disk, koma imafufuta makonzedwe onse: nthawi, netiweki, mayina a makamera, ndandanda yojambulira. Pa NVR pali msampha wina. Makamera ake amakhala ndi mapasiwedi awoawo, omwe bokosi limawasunga. Bokosi likafufutidwa limaiwala mapasiwediwo, makamera akadali nawo, ndiye mumalowa bwinobwino n'kupeza sikirini yonse yakuda. Pamenepo kamera iliyonse iyenera kutsegulidwa payokha, ndipo mwina ina ili pamwamba pa thanki ya madzi.

Bokosi likayaka n'kufunsa za Format kapena Initialize pa hard disk, kanani ngati mukufunabe zakale. Musalolenso mnyamata wodziwa makompyuta wa pamsika achotse disikiyo n'kuilumikiza ku laputopu. Mabokosiwa amalemba m'njira yawoyawo yomwe Windows siiwerenga. Imangoona ngati disiki yopanda kanthu n'kupempha kuikonza, ndipo kudina Yes kamodzi kokha kukhoza kuwononga umboni wonse.

Pa intaneti padzaza timapulogalamu tolonjeza kutulutsa pasiwedi yotsegula bokosi lililonse. Tina tinkagwiradi ntchito pa makina akale, powerengera serial number ndi deti la pa sikirini, koma makampani akuluakulu anatseka njira imeneyo kalekale, ndipo tambiri mwa timene tatsala timangolowetsa mavairasi mu laputopu. Chenjeraninso ndi munthu wa pa Facebook amene akuti mumutumizire ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, pamodzi ndi serial number ndi QR code ya bokosi lanu. Mukamupatsa zimenezo mwamuthandiza kufika pa makamera anu.

Zonse zalembedwa apazi ndi za makina anu, kapena amene mwini wake wakulolani. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limati kulowa m'makina a kompyuta a munthu wina popanda chilolezo ndi mlandu. Ngati mukuchita lendi ndipo makamera ndi a landilodi, kambiranani nawo. Muli ndi ufulu wofunsa amene akuona zithunzizo, makamaka ngati kamera yaloza pakhomo panu kapena kubafa ya panja, koma kuthyola pasiwedi yawo si njira yake.

Mukalowa

Musadzuke pampando musanamalize izi, chifukwa mukati mawa simudzachita. Ikani pasiwedi yatsopano yaitali. Hikvision imafuna zilembo zosachepera zisanu ndi zitatu zosakaniza mitundu, ndipo ndi muyeso wabwino pa makina ena onse. Isakhale nambala ya foni, ya nyumba kapena dzina la mwana lomwe lalembedwa kumbuyo kwa galimoto. Nkhani ya pasiwedi ya kufakitale si yongoopsezera. Pa 21 October 2016, pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inagwiritsa ntchito makamera ndi mabokosi ochuluka a anthu wamba, omwe anali ndi mapasiwedi a kufakitale, pounjikira kampani ya Dyn ku America, mpaka Twitter ndi Netflix zinavuta kutsegula kwa maola angapo. Kampani ya Xiongmai, yomwe mabolodi ake ali m'mabokosi ambiri otchipa ogwiritsa ntchito XMEye, inaitanitsa zina mwa zipangizo zake pambuyo pake. Eni makamerawo sankadziwa n'komwe.

Pitani pa User muone mayina onse amene ali m'bokosi, mufufute amene simukuwadziwa. Mu app onani pa Share: mmisiri, mlonda amene anachotsedwa ntchito, wantchito wakale, mwamuna kapena mkazi amene munasiyana naye, onse achoke. Ofunika kuona nawo apatseni akaunti yongoonera, ya admin ikhale ya munthu mmodzi kapena awiri. Lembani imelo yanu yomwe mumatsegula kawirikawiri, yankhani mafunso achinsinsi, ndipo ngati bokosi likulola koperani fayilo ya GUID pa fulashi. Dziwani kuti mukadzasinthanso pasiwedi mudzafunika kukopera ina. Zonsezi zilembeni papepala, n'kuliika pamodzi ndi mapepala a nyumba ndi masatifiketi a sukulu. Musamate pabokosi, chifukwa wolowa m'nyumba aliyense aziwerenga. Mayi ndi bambo onse adziwe pomwe pepalalo lili.

Chomaliza kuona ndi wotchi ya bokosi. Malawi ili pa GMT+02:00, koma makina ambiri akafufutidwa amabwerera ku nthawi ya ku China, yomwe ili patsogolo ndi maola asanu ndi limodzi. Wakuba wolowa 2 koloko usiku amaoneka ngati analowa 8 koloko m'mawa, ndipo kukayikira kumagwera wantchito wosalakwa. Ngati deti limabwerera ku chaka chakalekale magetsi akangozima, kabatire kozungulira ka pa bolodi, konga ka mu wotchi, katha mphamvu, ndipo n'kotchipa kusintha. Koma ngati mukufuna kanema wa mlandu, musakonze wotchi musanamukope. Jambulani kaye sikirini ya bokosi pamodzi ndi foni yoonetsa nthawi yeniyeni, kuti kusiyana kwake kudziwike.

Kanemayo mukopereni pa mafulashi awiri, kuyambira mphindi zingapo munthuyo asanaoneke mpaka atachoka, kuchokera ku makamera onse amene anamugwira. Bokosi likakufunsani ngati likopere limodzi pulogalamu yoonetsera, vomerani, chifukwa si kompyuta iliyonse imatsegula mafayilo amenewa. Musathamangire kumuponya pa gulu la WhatsApp la m'sekita: chithunzi cha usiku chimafananitsa anthu, ndipo dzina likatchulidwa pagulu anthu amatha kugwira munthu wolakwika. Fulashi imodzi sungani kunyumba, inayo pitani nayo kupolisi ya Kanengo pamodzi ndi chithunzi chija cha wotchi, kenako mubwezeretse mawaya a makamera aliyense pa bowo lake.